Zolemba pa ma pedal a gitala zisamamatuke ngati mapositala a kampeni

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi anyamata a kuno ku Mangochi amene ayamba kudzipangira okha ma pedal a gitala, timabokosi toponda ndi phazi tosintha kamvekedwe ka gitala, monga fuzz ndi overdrive. Zam'kati ambiri akuzitha. Chochititsa manyazi n'chakunja: kabokosi kolembedwa ndi maka, kapena komatidwa sitika imene imasendeka mwezi usanathe.

Mankhwala ake ndi pepala la waterslide, kachikopa kopyapyala kwambiri kokhala pa pepala la guluu wosungunuka m'madzi. Lilipo la printa ya inkjet ndi la laser, ndipo osasinthanitsa: la inkjet likalowa mu laser likhoza kusungunuka ndi kutentha n'kuononga makina a eni. Lilinso loonekera ndi loyera. Printa wamba ilibe inki yoyera, choncho loonekeralo limafuna bokosi lopakidwa penti woyera kapena wachikasu. Pa bokosi lakuda zilembo zimangomira.

Yambani ndi kuboola, osati kupenta. Pa kabokosi ka aluminiyamu ka 1590B, ka mamilimita pafupifupi 112 m'litali ndi 60 m'lifupi, bowo la switchi yoponda ndi mamilimita 12, a volume ndi tone 7, a jaki (polowetsa chingwe) 10. Palani ndi sandipepa wa 400, tsukani ndi sopo, thirani primer wa aluminiyamu (penti woyamba wothandiza kuti winayo agwire), kenako penti wonyezimira. Kunyezimirako si kukongoletsa chabe. Penti wa matt, wosanyezimira, ali ndi timaenje tosaoneka ndi maso timene timatsekera mpweya pansi pa kachikopa, ndiye pakauma pamatuluka mawanga otuwa ngati mamba a usipa. Penti wonyezimirayo aume masiku awiri kapena kupitirira.

Chithunzi konzani mu Inkscape, pulogalamu yaulere yojambulira pa kompyuta, ndipo muyambe mwachisindikiza pa pepala wamba pa 100 peresenti. Chiikeni pa bokosi, muunike kudzuwa ngati mabowo akulunjika. Pepala la waterslide n'lodula, silophunzirirapo.

Inki ya inkjet imasungunuka m'madzi. Ikauma, ipopereni clear wa acrylic (penti woonekera woteteza) katatu mopyapyala, chitini chili masentimita 25 kuchokera pa pepala, n'kumapumira mphindi 15 pakati. Mukachepetsa, mitundu imayenderera m'mbale ya madzi oviikamo pepalalo. Mukachulutsa, kachikopa kamauma gwa n'kukana kugona. La laser silifuna zonsezi. Dulani ndi sizasi motsata m'mbali, makona muwazungulize pang'ono, chifukwa kona yosongoka ndi imene imayamba kutukuka.

Tsopano madzi. Akhale ofunda pang'ono, oti chala chikhalemo osamva kutentha. Madzi a m'mijigo ina amakhala ndi mchere umene umasiya zoyera pakauma, bola amvula osefa kapena a m'botolo. Viikani masekondi 30 mpaka 60. Pepala limayamba lapindika, kenako n'kuongoka. Yesani ndi chala, likayamba kutsetsereka ndiye lapsa. Mukalisiya mpaka kachikopa kayandama kokha, guluu wathera m'mbale. Nyowetsani pamwamba pa bokosi, gonekani pepala m'mphepete, gwirani kachikopa ndi chala chonyowa, n'kusolola pepala lapansilo pang'onopang'ono. Osakanyamula m'manja, kamadzipinda ngati nsalu yonyowa ndipo kukafunyulula n'kung'amba. Madzi apansi aja ndi amene amakupatsani mpata wokasuntha mpaka kalunjike. Mukakhutira, finyani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mbali. Kathovu kotsalira kabooleni ndi singano, mudonthezepo madzi, musindikize. Chigone usiku wonse, m'mawa ndi pamene mudule mabowo ndi lezala latsopano.

Apa ndi pamene nyengo yathu imavuta. Kufupi ndi nyanja, makamaka nthawi ya dzinja, chinyezi chimakodwa mu clear n'kumuchititsa chifunga choyera. Poperani cha m'ma 10 koloko m'mawa tsiku louma, osati mvula itangokata. M'miyezi ya mwera, mchenga ndi fumbi zimakakamira pa penti wosauma; usiku nako tizilombo tobwera ku getsi timaferapo. Mukangopopera vundikirani ndi katoni yoyera. Ndipo ena amayanika bokosi pa dzuwa la Okutobala ngati nsomba pa thandala. Ayi ndithu. Aluminiyamu amatentha msanga, pamwamba pamauma pansi pakadali paŵisi, penti n'kutuluka matuza. Mthunzi wodutsa mphepo ndi wokwanira.

Clear womaliza, wopopera pamwamba pa kachikopa, akhale wa mtundu umodzi ndi penti wapansi, chifukwa lacquer pamwamba pa enamel amakwinyitsa zonse. Maulendo awiri oyamba mungouluzira ngati nkhungu, kuti mankhwala ake asadye kachikopa. Kenako awiri kapena atatu okhuthalako. Dikirani sabata yathunthu musanamange manati, ndipo pansi pa nati iliyonse muike washala, apo ayi sipanala ikamazungulira imapotokola clear pamodzi ndi zilembo zomwe.

Wokonza zida zoimbira,
Mangochi