Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: odwala khansa tisawalire ali moyo

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mng'ono wa mayi amene akudwala khansa ya m'mawere. Tsiku limene adokotala anatiuza zotsatira, achemwali anga sanagwetse msozi. Anadzalira patatha masabata awiri, ataona kuti kapu yawo yaikidwa payokha, kutali ndi ziwiya zina. Anzawo ena anasiya kubwera. Amene amabwera amanong'onezana pakhomo ngati afika pamaliro, chonsecho mwiniwake ali m'nyumba akuwerengera fizi ya ana.

Khansa sipatsirana pogwirana chanza kapena pomwera kapu imodzi. Inu mukudziwa zimenezi, koma anthu ambiri sanauzidwe m'mawu omveka.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: achemwali anachimva chotupacho kalekale, koma anakhala nacho chete miyezi ingapo. Ankaopa kuti akangomva dzina la matendawo, basi kwatha. Mantha amenewa ndi amene amafikitsa anthu kuchipatala mochedwa, ndipo akamwalira, otsala amati, "Mwaona, khansa sichizika." Komatu khansa ya m'mawere ikapezeka msanga, ambiri amachira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti pa anthu 100 odwala khansa, 30 mpaka 50 akanatha kuipewa.

Amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero ndiye amasenza mtolo wina, wonenedwa kuti ndi oyendayenda. Kachilombo ka HPV kamene kamaiyambitsa, anthu ochuluka amakatenga nthawi ina pa moyo wawo, ngakhale okhulupirika m'banja. Katemera wake alipo, ndipo m'chaka cha 2020 WHO inakhazikitsa cholinga choti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 aliwonse akhale atabayidwa asanapitirire zaka 15.

Pempho langa ndi loti anthu amene anachira azimveka pa wailesi chaka chonse, tisamangodikira 4 February, tsiku loganizira za khansa pa dziko lonse. Amene akupereka zotsatira akhale ndi nthawi yokhala pansi ndi wodwala pamodzi ndi abale ake, chifukwa kusalana kumayambira kunyumba. Ndipo kwa amene matenda afika povuta, mankhwala opha ululu a morphine asamasowe. Ambiri amaopa ululu kuposa imfa yeniyeniyo.

Achemwali anamaliza chemotherapy, mankhwala a khansa othothola tsitsi aja, mwezi wathawu. Tsitsi layamba kumera, lofewa ngati la khanda. Atamva kuti ndikukulemberani, anati ndikuuzeni kuti ngati mukufuna munthu woyamba kukalankhula pa wailesipo, iwo ndi okonzeka.

Ine wanu,
Mng'ono wa wodwala