Tichepetse zofuna kuti tipeze nthawi yopuma

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mchitidwe umene ukutha mphamvu anthu ambiri apantchito kuno ku Mulanje, wogula katundu wochuluka pa ngongole kenako n'kumathamanga usana ndi usiku kuti ngongoleyo ibwezedwe. Sindikunena mayi wothyola tiyi m'esiteti amene amavutika kupeza ufa ndi sopo, chifukwa iyeyo alibe choti achepetse. Ndikunena ife aphunzitsi, anamwino, makalaliki ndi amalonda a pa Chitakale ndi pa Limbuli, amene timapeza kangachepe mwezi ndi mwezi koma timakhala ngati tili pa mpikisano ndi anzathu a ku Blantyre.

Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera, koma zofuna zathu sizinatsike ngakhale pang'ono. Foni ikugwirabe ntchito bwinobwino tikufuna ina, masofa akadali olimba tikufuna atsopano, ndipo ukwati umodzi masiku ano umayenda ndi chinkhoswe, bridal shower ndi send-off, mwambo uliwonse ndi nsalu yakeyake. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Malipiro akalephera timathamangira kwa a katapila, ena mpaka kusiya khadi la ku banki m'manja mwawo, kotero kuti mwezi ukatha munthu amalandira ndalama zimene zinatha kale.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nthawi imene imatayika. Munthu akaweruka amapita ku ganyu ina, Loweruka ali pa Muloza ndi belo la kaunjika, Lamulungu akuyendetsa kabaza, ndipo ana ake amakula akumuona atatopa basi. Ntchito imene anaiphunzirira nayo imaonongeka, pakuti mphunzitsi amene wagona mochedwa akuwerengera chiwongoladzanja sangakonze phunziro mwadongosolo, ngakhale atakhala waluso chotani. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limanena kuti maola wamba ogwirira ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo limapereka tchuthi cha masiku osachepera 18 pa chaka kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, koma mpumulo umene lamulo linatipatsawu tikuugulitsa tokha kuti tilipire zinthu zimene sitinazisowe.

Ndikupempha magulu a banki m'khonde kuti azifunsitsa cholinga cha ngongole asanaipereke, ndipo aziika patsogolo ngongole ya feteleza, ya fizi ndi ya mpamba wa bizinesi. Atsogoleri a mipingo ndi ankhoswe nawo anene poyera kuti chinkhoswe chochitikira pakhomo ndi ukwati wodalitsidwa n'zokwanira, chifukwa achinyamata ambiri amaopa kuchepetsa miyambo imeneyi podziwa kuti achibale awanena, ndipo sangalimbe mtima ngati akuluakulu sayamba kulankhula.

Wokhudzidwa,
Chitakale, Mulanje