Nthambi ikakana kutsitsa katundu, alipire ndani?

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale athu amene akugwira ntchito kuno ku Britain ndipo analowa mabungwe a apantchito. Ine ndimatsitsa katundu m'malole pa depoti ina kufupi ndi Liverpool, ndipo anzanga anandisankha kuti ndiziwayankhulira kwa mabwana.

Chaka chatha kampani ina yamalole inachotsa madalaivala ake mopanda chilungamo. Ena mwa iwo tinkamwa nawo tiyi akamadikira kuti titsitse katundu. Panthambi yathu ya bungwe la apantchito tinamanga chimodzi: lole ya kampaniyo ikafika, palibe woikhudza. Pasanathe masiku atatu, aliyense analandira kalata yochokera ku likulu la bungwe lathu lomwe. Ankati zimene tikuchitazo sakuzivomereza, satithandiza, ndipo tikachotsedwa ntchito tilibe kokadandaula. Ndinaiwerengera m'basi, manja akunjenjemera. Anthu amene timawasonkhera mwezi ndi mwezi!

Mtima utakhala pansi ndinafufuza. Lamulo la kuno la 1992 limati nthambi kapena wowayankhulira ngati ine akayambitsa kunyanyala kosatsata malamulo, mlandu umagwera bungwe lonse, pokhapokha akuluakulu ake atatikana polemba kalata msanga. Kunyanyala pothandiza antchito a kampani ina kunaletsedwa mu 1990. Ndipo kuyambira 2022, bungwe la mamembala 100,000 kapena kuposa likhoza kulamulidwa kupereka chipukuta misozi chofika mapaundi 1 miliyoni.

Chinandikhudza kwambiri n'chakuti nkhaniyi ili ndi mizu pa doko lomweli la Liverpool. Mu 1972 antchito apadoko, poona kuti makontena akuwalanda ntchito, anakana kutumikira malole a kampani ya Heaton's Transport ya ku St Helens. Khothi la zantchito linalipitsa bungwe lawo, TGWU, mapaundi 5,000, kenako 50,000. Khothi la apilo, motsogozedwa ndi Lord Denning, linati ayi, bungwe silingayankhire zimene atsogoleri apamalo achita mwa okha. Ndiye mabwana analunjika atsogoleri apamalowo, ndipo asanu a ku madoko a ku London, kumene kunalinso mkangano wa makontena, anatsekeredwa m'ndende ya Pentonville pa 21 July. Madoko anaima, dziko linagwedezeka. Pa 26 July House of Lords, khothi lalikulu koposa panthawiyo, inagamula kuti mlandu ndi wa bungwe, asanu aja n'kutuluka tsiku lomwelo.

Likulu sindikulikwiyiranso. Ndalama zimene likanalipa ndi za mayi wosamalira okalamba ku Leeds, za mnyamata woyeretsa m'chipatala, anthu amene sanafunsidwe pamene ife tinkakweza manja m'kantini. Zimenezo ndikuvomera ndi mtima wonse. Bungwe likadalitsa chinthu, liyankhe. Koma lamulo lokakamiza kholo kukana mwana wake pagulu, kuti nyumba isagwidwe, ndi loipa. Limasandutsa mlembi wamkulu kukhala kapitawo wa mabwana. Paja amati mutu umodzi susenza denga, nanga bwanji kuthandiza mnzako wa kampani ina kukhale mlandu?

Abale amene muli pa viza ya ntchito, musanakweze dzanja pamsonkhano wa nthambi, funsani ngati likulu lavomereza ndiponso ngati voti yachinsinsi yachitika, chifukwa kwa inu ntchito ikatha, chilolezo chokhalira kuno chimagwedezekanso.

Ife Lolemba lotsatira tinatsitsa lole ija. Dalaivala wake anali watsopano, ndipo ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Ine wanu,
Mmalawi wa ku Liverpool