Lendi yotchipa ya ku Kabwe: uzani anthu za fumbi la mtovu asanalipire

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo patsamba lanuli za nkhani ya malendi kuno ku Kabwe, chifukwa abale athu ambiri a kum'mawa, a ku Chipata, Katete ngakhalenso a ku Mchinji uko, akumabwera kuno atamva zoti nyumba nzotchipa kusiyana ndi ku Lusaka. Nzoona, nzotchipadi, koma pali chinthu chimodzi chomwe landilodi kapena ajenti sakuuzani akamakuonetsani nyumba, amangoti onani zenera, onani toileti, basi perekani dipoziti.

Kabwe ndi tauni ya mgodi ndi njanji. Azungu anapeza mtovu ndi zinki kuno mu 1902 nkutcha malowa Broken Hill, sitima inafika mu 1906 ndipo mpaka lero likulu la Zambia Railways lili konkuno. Mgodi unatsekedwa mu 1994, fakitale ya nsalu ya Mulungushi nayo inaima mu 2007, ndiye ntchito zinatha anthu nkutsala ndi nyumba zokha, zija boma la a Chiluba linagulitsa kwa anthu omwe ankakhalamo. Nchifukwa chake malandilodi ambiri kuno si mabwana ayi, ndi madala omwe ankagwira mu mgodi kapena ku njanji, ena ndi amayi amasiye, nyumbayo ndiye penshoni yawo, amamanga tizipinda kuseri nkumadyera pomwepo. Ine sindikuwanyoza, njala ndi njala.

Koma mgodi unatseka, mtovu sunasamuke. Uli mu dothi, uli mu fumbi, ndipo chimulu cha zotsalira chija timachitcha Black Mountain chikadali pomwepo, anyamata akukumbabe kufunafuna miyala yogulitsa. Makomboni omwe ali pafupi, Kasanda, Makululu, Chowa, ndi omwe anavulala kwambiri, komanso kumeneko ndi komwe munthu wa ndalama zochepa amathamangira chifukwa lendi yake njopirira. Ikafika Ogasiti mpaka Okutobala mphepo ikayamba, fumbi limalowa paliponse, m'mbale, pabedi, pa ndiwo zomwe mwayanika panja, ndiye mwana wokwawa akamaseweretsa dothi nkuika zala mkamwa ndiye kuti akudya mtovu umenewo pang'onopang'ono. Vuto lake suoneka ngati chikuku kuti mungathamangire kuchipatala, mwana amangokhala wosowa magazi, kudandaula m'mimba, kusukulu mutu osagwira, makolo nkumati ndi ulesi kapena wina wamulodza. Amayi oyembekezera omwe amakonda kudya dothi aja ndiye pano asayerekeze nkomwe.

Eni tauni amadziwa zonsezi, anabadwira momwemo, ena ana awo anayezedwa magazi kukiliniki. Nkhaniyi inafika mpaka kukhoti ku Johannesburg mu 2020 pomwe anthu a kuno anasumira kampani ya migodi ya Anglo American. Koma mlendo wotsika basi lero ndi katundu wake pamutu adziwa bwanji? Amaona mtengo basi. Neba wanga wina anabwera ndi ana ang'onoang'ono, anasangalala kuti wapeza bwalo lalikulu loti ana azisewera, palibe yemwe anamuuza kuti bwalo lopanda kapinga kuno si mwayi, mpaka amayi ena kutchalitchi ndi omwe anamutsina khutu.

Komanso kutchipako kukuchepa. Ma student a ku Kwame Nkrumah University ndi a ku Mulungushi University asintha zinthu, landilodi waona kuti kuika mabedi angapo m'chipinda chimodzi nkumalipiritsa bed space kukumubweretsera zambiri kuposa kusunga banja limodzi, ndiye mabanja akukankhidwira kumakomboni a fumbi aja. Uku mita ya magetsi imodzi nyumba zingapo, mayunitsi akatha mkangano wa ndani amaphikira pa stovu usiku, madzi akasowa ulendo wa kuchitsime, izi ndiye za kulikonse sindikhalitsapo.

Musandimve molakwa, Kabwe ine ndimaikonda. Tauni yake njofatsa, palibe zija za ku Lusaka zokhala maola pamsewu, pa njinga yokha mumafika kulikonse, tomato ndi chimanga zochokera kumafamu ozungulira nzosavuta, m'tauni pansi pa Big Tree paja pali mthunzi waulere, ndipo Kabwe Warriors ikamasewera pa bwalo lomwe analitcha dzina la Godfrey Chitalu, yemwe uja anagoletsa zigoli 107 mu 1972, tauni yonse imakhala kumeneko. Chibemba ndi Chilenje mumaphunzira pamsika pomwepo, Chinyanja nachonso amamva.

Pempho langa kwa a khonsolo ndi loti aike mapu ooneka bwino pa siteshoni ya basi, pamsika ndi m'makiliniki, osonyeza madera omwe dothi lake lili ndi mtovu wambiri, m'zilankhulo zomwe anthu amamva osati Chingerezi chokha. Malandilodi a m'madera amenewo asanaike chikwangwani choti nyumba ilipo, adzale kapinga kapena athire simenti pabwalo, sizodula kuposa lendi ya miyezi ingapo yomwe amafuna tilipiriretu. Inunso abale omwe mukubwera, funsani kuti mgodi uli mbali iti, m'nyumba muzikolopa ndi madzi m'malo mosesa pouma, ana azisamba m'manja asanagwire nsima, ndipo ngati mwakhalako kale kumeneko pitani nawo kukiliniki mukapemphe kuti awayeze mtovu.

Ndine wowerenga wanu,
Wa lendi, Kabwe