Ana a kutali ndi Karonga nawonso amuone Malawisaurus

Akonzi,

Ana athu ambiri amayesa madainoso ndi zilombo za m'mafilimu, chonsecho mafupa ake anafukulidwa konkuno, ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga. Malawisaurus, dainoso yemwe anapatsidwa dzinali mu 1993, waima m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga yomwe inatsegulidwa mu 2004. Koma ndi sukulu iti ya ku Nsanje ingapeze ndalama ya basi yokafika kumeneko? Tikupempha Unduna wa Zamaphunziro ndi oyang'anira nyumbayi kuti ayambitse maphunziro a pa vidiyo.

Zofunika n'zochepa: foni kumbali zonse ziwiri, bandulo, purojekitala, sipika ndi batire la sola poopa kuthima kwa magetsi. Chimene chimapha phunziro lotere kawirikawiri ndi mawu, osati chithunzi. Sipika ya foni siingakwanire kalasi ya ana 80. Mafoni awiri akatsegulidwa m'chipinda chimodzi, mawu amabwerezana mpaka kulira, choncho ikhale imodzi basi. Wojambula ku Karonga zenera likhale kumbuyo kwake; akaloza kamera kowala, mafupawo amangooneka bii. Yesani netiweki dzulo lake pa ola lomwelo, ndipo kanema wa mphindi 10 akhale atatsitsidwa kale kuti ikaduka phunziro lisafe. Mphindi 30 zakwana, mafunso asanu ana alemberetu.

Gawo lokoma lili panja. Yalani chingwe cha mamita 12 pabwalo: ndiwo pafupifupi utali wa nyamayi kuchokera kumutu mpaka kumchira. Ana agone mondondozana aone kuti akwana angati. Kenaka chingwe chomwecho chisanduke nthawi, mita imodzi iimire zaka 10 miliyoni. Kumapeto uko ndi nthawi ya Malawisaurus, zaka pafupifupi 120 miliyoni zapitazo. Chibwano cha munthu wakale chomwe chinapezeka ku Uraha, m'boma la Karonga lomwelo, mu 1991 chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, masentimita 24 okha kuchokera pomwe taima lero. Mwana akaona mpata umenewo ndi maso ake, sadzanenanso kuti makolo athu ankasaka madainoso.

Wofotokoza anene poyera kuti choimikidwacho si mafupa enieni koma chinaumbidwa potengera mafupawo, chifukwa ana amafunsa ndithu. Atchulenso Dr Elizabeth Gomani Chindebvu, Mmalawi amene anafotokoza za dainoso wina wotchedwa Karongasaurus mu 2005. Atsikana athu ayenera kulimva dzina limeneli m'kalasi.

Aphunzitsi a sayansi,
Zomba