Akufuna ndikapereke umboni, chonsecho ndinaleka kupemphera

Zikomo Agogo,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu kwa zaka zingapo, koma sindinkaganiza kuti tsiku lina wolembayo ndidzakhala ine. Ndine mayi wa zaka 36. Ndimagulitsa mandasi ndi tomato pakhomo pa nyumba ya lendi ku Machinjiri. Kale tinkakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche.

Usiku wa Lamulungu kucha Lolemba pa 13 Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy inkagwa osalekeza, magetsi atazima. Bambo a kunyumba anali ku ntchito yawo ya ulonda ku Limbe. Ndinangomva chiphokoso chochokera kuphiri, ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Ndinabereka wamng'ono kumsana, n'kugwira dzanja la wachisamba, mnyamata wa zaka 9 yemwe anali Sitandade 3. Tisanafike n'komwe pa msewu, matope anali atatifika m'chiuno. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinamutaya ndine kapena dzanja lake linangopulumuka. Funso limeneli limandidzutsa tambala asanalire.

Tinamufunafuna paliponse. Bambo ake anakumba ndi khasu mpaka manja kutuluka matuza. Ine ndinapita ku mochale ya ku Queens katatu, kukavundukula nkhope za ana a eni. Tili pa msasa wa kusukulu, ndinkathamangira galimoto iliyonse yofika. Chomwe tinapeza ndi kapu yake yapulasitiki yobiriwira yolandirira phala kusukulu, itakodwa pa lata lopindika. Ili m'sutikesi. Iye ali m'gulu la anthu oposa 500 aja omwe sanapezeke. Amalume ake anati tiike thunthu la nthochi m'bokosi kuti pakhale manda, ine ndinakana. Ndingalire bwanji pa nthochi?

Vuto lomwe ndakulemberani ndi ili. Kumpingo kwathu anthu amanditenga ngati chitsanzo. Sindinajombepo ku mapemphero a Lamulungu, ndipo Lachinayi lililonse ndimavala bulauzi yanga yoyera kupita ku gulu la amayi. Kukagwa maliro ndimakhala woyamba kufika pa siwa, kuyambitsa nyimbo mpaka mbandakucha. Amayi anzanga akamatonthoza woferedwa amaloza ine: "Taonani mayi awa, napolo anawatengera mwana koma sanagwe mphwayi." Tsopano amayi abusa andipempha kuti pa msonkhano waukulu wa amayi mwezi wamawa ndikaime kutsogolo ndikapereke umboni wa mmene Ambuye anandilimbitsira. Ndinangoti, "Ndamva amayi," poti munthu wamkulu sumukana pamaso.

Koma Agogo, chichokereni ku msasa kuja sindinapempherepo ndi mtima wanga. Ndikagwada, pakamwa pamauma. Anzanga akatsinzina, ine ndimangoyang'ana simenti. Ku maliro ndimathamangirako chifukwa ndi malo okhawo omwe ndingalire mokweza popanda wondifunsa. Amaona ngati ndikulira malemuwo. Kutchalitchi ndimapita chifukwa ndikuopa kukhala ndekha m'nyumba, komanso ndikuopa zomwe anthu anganene. Ndiye kulimba mtima kumene akukunenako n'kuti?

Sikuti ndinasiya kukhulupirira kuti Mulungu aliko. Zikanakhala choncho mwina zikanandipepukira. Ndikudziwa kuti aliko, ndipo ndamukwiyira. Usiku umene uja ndinafuula dzina la Yesu mpaka mawu kutha. Mnansi wathu wina, yemwe Lamulungu ankalowetsa dzuwa pa kachasu, anapulumuka ndi ana ake onse anayi. Sindimufunira zoipa, Mulungu andikhululukire, koma maganizo amenewa amabwera okha osawaitana.

Aliyense wobwera kudzandiona ankanditsegulira buku la Yobu. Ndaliwerenga ndekha kawiri tsopano, ndipo zomwe ndapezamo si zimene iwo ankandiuza. Onse amathera pa mutu woyamba, pomwe Yobu akuti Yehova anapatsa, Yehova watenga. Palibe anandiwerengerapo mutu 3, pomwe munthu yemweyo akutemberera tsiku lomwe anabadwa. Palibenso anandiuza kuti anzake atatu aja anayamba akhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu, ndipo zinthu zinayamba kuipa atatsegula pakamwa. Kumapeto nkhosa zake zinachoka pa 7,000 kufika pa 14,000, ndipo anaberekanso ana khumi. Mkulu wina wa mpingo anandiuza mosangalala kuti nanenso Mulungu adzandibwezera. Ndinangomuyang'ana. Nkhosa zimabwezedwa, inde. Nanga mwana yemwe ankatchula "sukulu" kuti "shukulu" mpaka ali Sitandade 2, adzabwezedwa ndi uti?

Pali Salimo 88 lomwe ndinalipeza mwangozi. Wolembayo akudandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo likuthera mu mdima, popanda aleluya. Ndinadabwa kuti zoterezi zinaloledwa kulowa m'Baibulo. Chibadwire sindinamvepo mlaliki akulilalikira. Ndilo lokha lomwe ndimatha kuwerenga osatseka buku.

Kunyumba nakonso sikuli bwino. Bambo a kunyumba satchula dzina la mwanayo. Akaweruka amangogona chafufumimba, ndipo ayamba kumwa, chinthu chomwe sankachita. Ndikuganiza kuti amadziimba mlandu poti kunalibe usiku umenewo, mwinanso amandiimba ine mlandu poti ndinalipo. Sitinakambiranepo. Apongozi anga akuumirira kuti tipite kwa mneneri wina amene akuti amaona zobisika, atiuze pomwe pali mafupa. Akufuna ndalama ya mafuta odzozedwa yoposa mpamba wanga wonse wa mandasi. Mtima wina umati ndi bodza, wina umati bwanji ngati n'zoona? Wamng'ono uja, yemwe tsopano wayamba sukulu, mitambo ikangoda amalowa kunsi kwa bedi. Ndimamuuza kuti asaope, Yesu akutisunga, mawu omwe ine mwini sindikuwamva kukoma m'kamwa.

Ndithandizeni Agogo. Kodi ndikaime pamaso pa amayi mazanamazana n'kunena zomwe akufuna kumva, kuti ena alimbikitsidwe, ngakhale kwa ine likhala bodza la m'nyumba ya Mulungu? Kapena ndikanene zoona, kuti ndine munthu wokwiya yemwe amangovala yunifolomu? Ndikuopa kuti ndikatero adzati ndabwerera m'mbuyo, mwinanso kundiimitsa Mgonero, chonsecho mpingo ndiwo unandipatsa bulangete ndi ufa pomwe ndinalibe ngakhale chitenje chosinthira. Pagulu pomwepo pali mayi wina wa ku Manja yemwe anataya ana awiri usiku womwewo. Amakhala kumbuyo, sayimba, ndipo anthu amamunena kuti chikhulupiriro chake n'chochepa pomuyerekeza ndi ine. Ndikamuona ndimachita manyazi.

Kodi kukwiyira Mulungu ndi tchimo loti munthu sangakhululukidwe? Nanga amuna angawa ndiwayambe bwanji? Amayi abusa akufuna yankho langa Lachinayi likudzali.

Ine wanu,
Mayi wa ku Machinjiri, Blantyre