Kalata kwa mwana wanga ku Joni

Mwana wanga,

Moni wako wa Lamlungu tinaulandira, koma unali moni wouma, wopanda nkhani. Nkhaniyo tinaimvera kwa mlongo wako, amene nayenso anachita kuionera pa foni ya mnzake: galimoto yako yofiira ija itakhamira pa chitsulo cha m'mbali mwa msewu wa N1, mphuno yonse itaphwanyika, mvula ikadagwa. Amako anangokhala pansi pakhonde, nsima ili pamoto, mpaka inapserera. Iwe unkaganiza kuti Joni ndi kutali moti sitimva? Masiku ano nkhani imafika ku Lunzu mwini wake asanatuluke n'komwe m'galimoto.

Tikuyamika Mulungu kuti watuluka ndi miyendo yako iwiri, ndiponso kuti sunagunde munthu. Chitsulo chimagulidwa. Amako akuti upite kuchipatala akakuone khosi ngakhale ukumva bwino, chifukwa ululu wa ngozi umadzuka patapita masiku. Pamenepo ndikugwirizana nawo.

Za galimotoyo ndinanena kale tsiku lomwe unatitumizira chithunzi utatsamira pa boneti, sindibwerezanso kwambiri. Walira mvula walira matope. Galimoto ya zitseko ziwiri, yokankhidwa ndi matayala akumbuyo, yamphamvu ngati imeneyo, siifuna phazi lolemera pamsewu wonyowa. Ukangoponda mafuta pang'ono pokhota, matako ake amathawa n'kukhala kutsogolo. Ndipo madzi akadikha pa tala, tayala limalephera kuwakankhira kumbali, limangoyandama pamwamba ngati bwato. Chiwongolero chimapepuka, mabuleki sagwira kanthu, munthu umangokhala wokwera nawo. Chikwangwani cholemba 120 chija sichilamula kuti uthamange 120, chimangoti usapitirire pamenepo kukakhala kouma. Mvula za ku Gauteng ndikuzidziwa, zimabwera masana ndi mabingu ndi matalala, mphindi khumi zokha msewu wasanduka mtsinje. Ife a malole tinkatsika magiya n'kumakwawa kumanzere, ena tinkaima kumene. Koma izi zapita.

Chomwe chandisowetsa tulo n'china. Mlongo wako akuti mnzako uja anali nawe m'galimotomo. Ukumudziwa amene ndikunena, uja munabwera naye ku ukwati wa msuweni wako, wovala magalasi akuda ngakhale m'tchalitchi, amene anapatsa agogo ako moni ataimirira, dzanja lina lili m'thumba. Akuti ndiye akukulangiza tsopano kuti ukauze a inshuwalansi kuti panali minibasi imene inakupanikiza n'kuthawa. Akutinso akudziwa munthu woti ukamupatsa ya drinki, matiketi ako asowa mu kompyuta. Mwana wanga, ngati pali mawu amodzi oti uwamve m'kalata yonseyi, ndi awa: usamumvere munthu ameneyo. Galimoto si yake, ngongole ya kubanki si yake, dzina lolembedwa pa pepala la apolisi si lake, chilolezo chokhalira m'dzikomo chomwe chili pachiswe si chake. Zikavuta iye adzangosintha nambala ya foni.

Ndikuuze zomwe sindinakuuzepo. Uli wakhanda, ndikuchokera ku Harare ndi lole yodzaza, mvula yoyamba ya chaka inandipeza nditangodutsa Mwanza. Mvula yoyamba ndiyo yoipa kuposa zonse, chifukwa imanyowetsa fumbi ndi mafuta zomwe zakhala zikuunjikana pa tala chilimwe chonse, msewu n'kukhala ngati therere. Ndinali ndi changu chofika kunyumba kudzakuona, ndinalowa pakona ndi liwiro loposa, ngolo inandikoka mpaka m'ngalande. Mnyamata amene ndinkayenda naye anati, bwana, tikanene kuti ng'ombe zinadutsa. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Chinandibweza n'kambale ka pepala kamene kankakhala kuseri kwa wotchi ya liwiro, kolemba mmene lole yayendera ulendo wonse. Ndinakanena zoona, anandidula malipiro miyezi ingapo, amako anagulitsa makina awo osokera kuti tidye. Koma ntchito inakhala, ndipo ndi ntchito imeneyo inakulipirira sukulu. Mnzanga wina amene anapeka nkhani ya ng'ombe pa ngozi yake, kambale komweko kanamutsutsa, anachotsedwa opanda kalikonse.

Nanga iwe, si unandiuza wekha monyadira kuti m'galimoto yako anaikamo kachipangizo kolondola komwe ili, kuti akuba asapite nayo? Kachipangizo kameneko n'kambale kaja katavala suti. Kamadziwa msewu umene unadutsa, nthawi yake, ndi liwiro lako. Misewu ikuluikulu ya ku Gauteng ilinso ndi makamera. A inshuwalansi amatumiza munthu wawo kudzayendera galimoto, amayeza matayala, amafunsa komwe munkachokera, nthawi zina amakafika mpaka komwe munadyera madzulo amenewo. Minibasi yako yopekayo adzaifuna pa chithunzi ndipo sadzaipeza. Akakugwira bodza limodzi, amakana kulipira zonse, amathetsa pangano, ndipo makampani enawo amamva. Kuterereka pamvula si chifukwa choti akukanire. Inshuwalansi ya comprehensive anthu amailipirira zomwezo, kuti ikuthandize ngakhale wolakwa uli iwe. Munthu wonena zoona kuti ndinalephera kuigwira galimoto pamadzi ali pabwino kuposa wobwera ndi nthano.

Tsono ndifunse funso limene amako akuopa kufunsa. Unali utamwa? Usandiyankhe msanga. Malire a kumeneko ndi 0,05 pa magazi a woyendetsa wamba; ife oyendetsa zamalonda anatiikira 0,02, ndiye kuti ngakhale botolo limodzi sitinkaliyandikira. Ngati anakupumitsa m'kamakina kaja kapena kukutenga magazi, undiuze zotsatira zake mmene zilili. Ndikudziwa kuti uli kuno sunkamwa. Ndikudziwanso kuti mnzako uja pa ukwati paja anayamba kumwa anthu asanadalitse chakudya. Ngati mowa unapitirira malirewo, nkhani yako si ya tiketi ayi, ndi ya khoti, ndipo a inshuwalansi sadzalipira. Pamenepo ufunika loya lero lomwe, osati mnzako wodziwa anthu.

Za mapepala, ndakhala pansi ndi amalume ako amene anakhala ku Pretoria zaka zambiri zija, tafananitsa zomwe tikudziwa. Lamulo la kumeneko limati ngozi ikanenedwe kupolisi pasanathe maola 24, ndipo amakupatsa nambala ya lipoti la ngozi. Popanda nambala imeneyo a inshuwalansi sayamba n'komwe. Ndikhulupirira unatero; ngati sunatero, pita mawa m'mawa ukafotokoze chifukwa chimene unachedwera. Kenako tenga pangano lako la inshuwalansi uliwerenge lonse, ndi timalemba ting'onoting'ono tomwe, chifukwa muli masiku amene anakupatsa oti ukhale utawadziwitsa, ambiri amaika 30. Usadikire tsiku lomaliza. Chilichonse chimene ukuwauza pa foni amachijambula, choncho nena zomwe zinachitika kamodzi, ndipo ukabwereza zikhale zomwezo. Zoona sizivuta kubwereza.

Galimotoyo ili kuti pano? Ichi chikundidetsa nkhawa. Anyamata a magalimoto okoka aja amafika pangozi apolisi asanafike, amakusainitsa pepala mutu uli wozunguzika, n'kukaiika pa yadi yawo komwe tsiku lililonse limawerengedwa ndalama. Ngati amene anakoka si wovomerezedwa ndi kampani yako, imba foni lero aichotseko, chifukwa zotsalazo udzalipira wekha.

Konzekeranso ya excess, ndalama imene umayamba watulutsa iwe kampani isanaikepo yake. Pa galimoto ya mtundu umenewo, komanso pa msinkhu wako, siikhala yochepa, ndipo mapangano ena amawonjezera ina ngati ngozi yachitika usiku kapena palibe galimoto ina yokhudzidwa. Akanena kuti galimotoyo siingakonzedwenso, ndalama imayamba kupita kubanki imene inakukongoza. Ikapanda kukwana, yotsalayo ndi yako, pokhapokha ngati unatenganso chitetezo cha ngongole yotsala. Ndipo usasiye kulipira kubanki mwezi ndi mwezi poti galimoto yafa, iwo sizikuwakhudza. Mnzako uja akakuuza kuti Road Accident Fund ikugulira ina, dziwa kuti thumba limenelo ndi la anthu ovulala ndi amasiye, silikonza chitsulo. Chitsulo cha m'mbali mwa msewu chimene unapindacho chilinso ndi eni ake, akhoza kukutumizira bilu; ikabwera uipereke kwa a inshuwalansi, usaibise pansi pa matiresi.

Matayala aja unasintha? Paja Khrisimasi yatha unandiuza kuti akumbuyo atha koma ndi odula, udikira bonasi. Lamulo la kumeneko limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya milimita imodzi kapena kuposa, ndipo milimita imodziyo pamvula ndi yongopulumukira kwa apolisi basi. Ngati anali osalala, usayese kusintha pano galimoto ili pa yadi. Ndikudziwa maganizo amenewo angachokere kwa yani.

Ukukumbuka njinga ya agogo ako? Unali ndi zaka 9, unaitenga mobisa, unakagwera nayo m'munda wa chinangwa kumtsinje, folo inapindika. Unabwera ukunena kuti galu wa aneba ndiye anakuthamangitsa, pomwe galuyo anali atafa kale sabata yathayo. Tinaseka mpaka misozi, ngakhale ndinakukwapula. Nthawi imeneyonso panali kamnzako kena kamene kanakupangira nkhaniyo. Iwe mtima wako ndi wabwino, mwana wanga, kuyambira kale, koma khutu lako ndi lofewa.

Tsopano matiketi. Uyang'ane bwino pepala lililonse limene anakupatsa, chifukwa si onse ofanana. Ku Johannesburg ndi ku Tshwane milandu ing'onoing'ono ya pamsewu imayendera dongosolo la AARTO: ukalipira pasanathe masiku 32 amakuchotsera theka, ndipo ngati ukuona kuti anakulakwira pali njira yolembera dandaulo. Ukangokhala chete, kuchotsera kuja kumatha, amawonjezera zina, mapeto ake amakutsekera moti sungatenge disiki yatsopano ya msonkho wa galimoto kapena kukonzanso laisensi. Ngati uli ndi akale amene unaunjika m'kabati, atulutse onse. Mlandu suola.

Koma ngati pepalalo lili ndi tsiku la kukhoti, makamaka ngati analemba kuti unayendetsa mosasamala, limenelo ndi lina. Tsiku limenelo ukapezeke, ngakhale kugwe matalala, chifukwa ukajomba amatulutsa chikalata chokumangira, ndipo chidzakupeza pa rodibuloko kapena pa Beitbridge ukubwera kumaliro. Usathamangirenso kulipira chindapusa chovomera kulakwa pongofuna kuti zithe msanga. Amalume ako akuti ena analipira motero n'kudzazindikira patapita zaka kuti dzina lawo linalowa m'buku la opalamula. Iwe ndiwe mlendo m'dzikomo, pokonzanso mapepala ako adzafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ulibe mlandu. Funsa loya usanasaine chilichonse. Ndalama ya loya ndi yowawa, koma imatuluka ndi lisiti. Ya drinki ija ilibe lisiti, ndipo wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa pamaso pa lamulo. Tiketi ikhoza kukhalabe mu kompyuta, ndalama yako itapita, mnzako atadyapo yake.

A inshuwalansi akakukanira iwe utanena zoona, usagwe mphwayi. Uwauze akulembere chifukwa chake pa pepala. Kuli ofesi yomva madandaulo otere, National Financial Ombud Scheme, ndipo salipiritsa. Koma kumeneko amapita munthu wa manja oyera.

Za feteleza chaka chino usavutike nazo. Tagulitsa nkhumba ziwiri, tikwanitsa matumba angapo, kwinako tithira manyowa. Malata a khitchini adikira. Sindikufuna kuti ukakongole kwa akatapira, kapena kwa mnzako uja, pofuna kutionetsa kuti zinthu zili bwino. Kwera sitima ya Gautrain kapena minibasi ngati anzako, palibe amene anafa ndi manyazi okwera basi. Ine ndayendetsa lole zaka zonse zija, kunyumba ndinkabwera pa njinga.

Ndipo mnyamata ameneyo umuuze kuti nkhaniyi uyendetsa wekha. Sindikuti mudane. Ndikuti asakuperekeze kupolisi, asakuimbire foni kwa a inshuwalansi, asakulembere kalikonse. Akamufunsa monga mboni, anene zimene anaona, zomwezo zimene unene iwe, chifukwa ndi zimene zinachitika.

Undiimbire Loweruka madzulo ndikachoka kudimba, uli wekha, mapepala onse ali patsogolo pako, undiwerengere limodzi limodzi. Amako akuti ujambule chithunzi utaimirira, thupi lonse lioneke mpaka kumapazi, chifukwa sakukhulupirira mlongo wako kuti sunathyoke paliponse. Akutinso ufa ndi usipa zija atumiza pa basi ya Lachinayi, ukazitenge ku Park Station.

Ndine,
Bambo ako